Zoimbaimba ku Guangzhou: tikaonere kuti, nanga ulimba wathu ungakalire kumeneko?

Mnyamata wa ku Nchalo

Moni nonse akuluakulu. Amalume athu amakaoda katundu ku Guangzhou, m'dziko la China, ndipo pa ulendo wa mu October akufuna kutengana ndi mmodzi wa anyamata a gulu lathu la ulimba ndi ng'oma za likhuba kuno ku Nchalo. Mafunso anga ndi awiri. Loyamba, munthu wokonda nyimbo akafika mumzinda umenewu, zoimbaimba amakazipeza kuti, ndipo matikiti amagula bwanji? Lachiwiri, atanyamula ulimba, angapeze poimba n'kupezako kangachepe kobweza ya ndege? Ena akutiuza kuti ku Xiaobei kuli anthu ambiri a ku Africa, ndiye n'kungofika, kuyala zida n'kuyamba. Odziwa tithandizeni.

Mayi a ku Bangula

Achimwene, ndiyankha loyambalo, lachiwiri ndisiyira odziwa malamulo.

Ku Xiaobei ndi ku Sanyuanli ndi kwa malonda. Mukapezako nsima ya anthu a ku West Africa, masaluni ndi makampani otumiza katundu, koma zoimbaimba za mzindawu sizili kumeneko. Zili m'magulu atatu, ndipo gulu lililonse lili ndi khomo lake.

Poyamba pali timaholo ta magulu oimba, timene iwo amatitcha livehouse. Mumalowa anthu mazana angapo, onse choimirira, ndipo gulu limaimba nyimbo zake zokha: rock, hip hop, folk, jazz, zina m'Chimandarin zina m'Chikantoni. Odziwika ndi monga MAO Livehouse, imene ina mwa nthambi zake ili ku Taigucang, nyumba zakale zosungiramo katundu m'mbali mwa mtsinje wa Pearl ku Haizhu, komanso SD Livehouse ndi 191 Space. Malo otere amasamuka kapena kutsekedwa mwadzidzidzi, choncho adiresi muziitenga pa tikiti yeniyeniyo. Mtengo kawirikawiri umakhala pakati pa 100 ndi 300 yuan, ndipo kugula pasadakhale n'kotsikirapo kusiyana ndi kugula pakhomo. Chimene chimapweteka alendo ndi nthawi. Akalemba 20:00 ndiye kuti 20:00 yomweyo, ndipo ikamakwana 22:30 akusesa, chifukwa anthu amathamangira sitima ya pansi pa nthaka imene imasiya kuyenda chapakati pa 23:00 ndi pakati pa usiku. Wofika 22:00 poganiza kuti ndi pamene zinthu zimatentha akapeza nyimbo yotsiriza.

Kenaka pali nyumba zikuluzikulu. Xinghai Concert Hall ili pa chilumba cha Ersha, inatsegulidwa mu 1998, ndipo ndi kumene kumaimba Guangzhou Symphony Orchestra. Kumakhalanso chikondwerero cha jazz chakumapeto kwa chaka. Pafupi pomwepo pali Guangdong Museum of Art, imene inayambitsa chionetsero cha zaluso cha Guangzhou Triennial mu 2002. Guangzhou Opera House, imene anajambula mapulani ake ndi Zaha Hadid, inatsegulidwa mu 2010 ku Zhujiang New Town. Kumeneku mukachedwa amakuimitsani panja mpaka nyimbo ithe, ndipo mukatulutsa foni kuti mujambule, wantchito amakuwalitsani ndi kanyali kofiira.

Koma kwa woimba ulimba, ine ndikanamutumiza ku Liwan poyamba. Kumeneko ndi kwawo kwa zisudzo zoimba za Chikantoni, zimene UNESCO inazilemba m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu onse mu 2009. Pa msewu wa Enning, m'dera la Yongqingfang, pali Cantonese Opera Art Museum imene ili ndi bwalo pamwamba pa madzi, ndipo ku Liwan Lake Park magulu a anthu achikulire amasonkhana masana n'kumaimba mwa kufuna kwawo, osalipiritsa. Akaonetsetse chida chotchedwa yangqin, cha nsambo zambirimbiri zimene amazimenya ndi timitengo tiwiri ta nsungwi. Manja a woimba ulimba akachimva msanga chida chimenecho.

Zikondwerero za pabwalo zimaunjikana pa tchuthi ziwiri: kuyambira 1 May, ndi kuyambira 1 mpaka 7 October. Mayina aakulu ndi Midi, imene inayambira pa sukulu ya nyimbo ya Midi ku Beijing mu 2000, ndi Strawberry ya kampani ya Modern Sky, imene inayamba mu 2009. Zonsezi zimayendayenda m'mizinda, ndiye musaganize kuti chaka chilichonse zikhala mu Guangzhou mwenimweni. Nthawi zina mumakwera sitima kupita ku Foshan, Shenzhen kapena Zhuhai. Amalume anu akupita nthawi ya Canton Fair, chionetsero chachikulu cha zamalonda, imene imayamba pa 15 October n'kutha kumayambiriro kwa November, choncho za tchuthi zidzakhala zitadutsa. Palibe chodandaula, chifukwa October mpaka December ndi nyengo yabwino, mvula itachepa, ndipo chikondwerero cha magetsi cha ku Huacheng Square moyang'anana ndi Canton Tower chimagwa cha mu November. Dziwani chabe kuti mahotela amakwera mtengo kwambiri nthawi ya Fair.

Za matikiti tsatani izi. Akangofika, apite ndi pasipoti ku shopu yeniyeni ya China Mobile, China Unicom kapena China Telecom akagule SIM, chifukwa mapulogalamu ogulira matikiti amatumiza nambala yachinsinsi pa foni. Mapulogalamu olipirira a Alipay ndi WeChat awaike pa foni asananyamuke kuno, n'kumangirirapo khadi la Visa kapena Mastercard. Kuyambira 2023 makhadi akunja amaloledwa, ndipo mukalipira zoposa 200 yuan kamodzi amadulapo 3 peresenti. Afunsiretu kubanki kuno malire a ndalama zakunja pa khadilo, poti makhadi athu ambiri amakanira pamenepo. Matikiti a livehouse amapezeka pa ShowStart, a makonsati aakulu ndi zikondwerero pa Damai ndi Maoyan.

Kuyambira September 2023, chionetsero cha anthu oposa 5,000 chimafuna kuti tikiti ikhale m'dzina la wolowayo. Posankha mtundu wa chiphaso asankhe pasipoti, ndipo dzina alilembe monga lilili m'pasipotimo, chilembo ndi chilembo. Pachipata makina amawerenga ziphaso za nzika zokha, iye apite pa mzere umene pali munthu wofufuza ndi manja, atanyamula pasipoti yeniyeni osati chithunzi chake. Tikiti ya mavenda a panja asagule ngakhale itatsika bwanji: ili m'dzina la munthu wina, ndipo chipata sichitseguka.

Fundi wa zokuzira mawu, Ngabu

Mayi afotokoza bwino. Ine ndilowe pa funso lachiwiri, ndipo achimwene mumve bwino chifukwa apa ndi pamene anthu amalowa m'mavuto: mnyamatayo asakaimbe kuti alandire ndalama pa viza ngati ya amalume.

Amalonda amayenda pa viza ya M, okaona malo pa L. Zonse ziwirizi sizilola ntchito, ndipo kuimba pamalo olipiritsa ndi ntchito. Lamulo la zolowa ndi kutuluka m'dziko la China, limene linayamba kugwira ntchito mu July 2013, limati mlendo wogwira ntchito popanda chilolezo alipire pakati pa 5,000 ndi 20,000 yuan, ndipo mlandu ukakula amatha kutsekeredwa masiku 5 mpaka 15. Amathanso kumuthamangitsa n'kumuletsa kubweranso kwa zaka. Mwini malo naye amalipitsidwa, n'chifukwa chake livehouse yolongosoka siingakupatseni bwalo mutangotulukira ndi zida. Kuimba m'misewu nakonso n'kwa anthu amene anapatsidwa chiphaso ndi malo ake. Za ku Xiaobei zija muzisiye. Ndi dera limene apolisi amafunsa mapasipoti kawirikawiri.

Njira yoyenera imayambira kumeneko, osati kuno. Pamafunika kampani ya ku China imene ili ndi laisensi yokonza zionetsero, kapena malo oimbira amene ali ndi chilolezo chotere. Iwo ndi amene amakapempha ku ofesi ya zachikhalidwe ndi zokopa alendo ya chigawo cha Guangdong. Inu simungapemphe nokha. Chimene inu mumawatumizira ndi ichi: makope a mapasipoti a aliyense wokwera pabwalo, mndandanda wa nyimbo zonse, mawu a nyimbo iliyonse ndi kumasulira kwake m'Chitchaina, kanema woonetsa gulu likuimba nyimbo zomwezo, ndi kalata ya mgwirizano kapena yovomera kudzaimba. Ofesiyo ili ndi masiku 20 oti iyankhe kuchokera pamene yalandira pempho, ndipo matikiti sagulitsidwa chilolezo chisanatuluke. Chikatuluka, amakutumizirani pepala la chilolezocho ndi chikalata cha ntchito ya kanthawi kochepa, ndipo ndi zimenezi mumakapempha viza ya Z, yomwe ndi ya ntchito, ku ofesi ya kazembe wa China ku Lilongwe. Ntchito yosapitirira masiku 30 imathera pa viza yomweyo; ikapitirira, mumakatenganso chilolezo chokhala mukafika.

Zimene zimasokoneza ndi izi. Choyamba ndi kumasulira. Nyimbo zathu za Chisena ndi Chimang'anja zimadzaza ndi zining'a, ndipo palibe womasulira ku Guangzhou amene angazimve. Muyenera kuzilemba m'Chingerezi chomveka kuno, iwo n'kupititsa m'Chitchaina. Nyimbo zokhudza ndale kapena zolalikira chipembedzo zichotseni pa mndandanda, ndipo zija zotukwana mwa nthabwala za pa chinamwali kapena pa mowa muziganizire kawiri, chifukwa zikamasuliridwa liwu ndi liwu zimaoneka zolaula. Chachiwiri, mayina. Chilolezo chimatchula anthu, tsiku ndi malo. Woimba mmodzi akadwala n'kulowetsa m'bale wake, ameneyo sakwera pabwalo mpaka pempho lisinthidwe. Chachitatu, ndipo ichi n'chovuta kwa ife, mumaimba nyimbo zimene zinavomerezedwa basi. Kwathu kuno woyambitsa nyimbo amapeka mawu pomwepo poona anthu, kumeneko zimenezo zimaika kampani yokuitanani pa mlandu. Kupeka kukhale m'manja, pa ulimba ndi pa ng'oma, mawu akhale omwe aja. Kuyendetsa milomo pa nyimbo yojambulidwa kale n'koletsedwanso, ngakhale inu a ulimba izi sizikukhudzani.

Ndi bwino kuyamba zonsezi miyezi itatu kapena inayi tsiku lisanafike. Za October uno ndiye zachedwa kale.

Kanthu kena kakang'ono koma kogwetsa anthu: mlendo aliyense amalembetsa kumene akugona pasanathe maola 24. Hotela imakuchitirani yokha. Akakagona kunyumba kwa mnzawo wa amalume, apite okha kupolisi ya m'deralo ndi pasipoti ndi mwini nyumba.

Gogo wa ng'oma, Nsanje boma

Ana inu mwanena za mapepala, koma zida zimene mukufuna kunyamulazo nazo zili ndi milandu yake.

Dziko la China sililola munthu kulowa ndi chikopa chachiwisi, ubweya, nyanga kapena mafupa osakonzedwa, ndiponso njere za zomera. Ng'oma zathu zambiri zimakhala ndi chikopa chongoyanika padzuwa, ubweya ukadali m'mphepete, ndipo yotere akhoza kuilanda pa bwalo la ndege la Baiyun ku Guangzhou. Palani ubweya wonse, chikopa chikhale chouma ndi choyera, ndipo pakhomo la kasitomu mudutse kolengeza katundu, musabise. Ng'oma ya chikopa cha ng'azi kapena nsato isiyeni kunyumba. Nyama zimenezi zili pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loona za malonda a nyama ndi zomera zotetezedwa, ndipo popanda chilolezo cha Dipatimenti ya National Parks and Wildlife mukhoza kugwidwa musanachoke ndi pa Chileka pomwe. Zikho za pansi pa ulimba muzikokote m'kati, musatsale njere ngakhale imodzi, ndipo mitengo ikhale yopanda makungwa ndi yopanda maenje a anankafumbwe kapena ufa wogwa.

Ulimba wathunthu sungalowe pa muyeso wa ndege. Ethiopian kudzera ku Addis Ababa ndi Kenya Airways kudzera ku Nairobi onse amafika ku Guangzhou, ndipo chikwama chimodzi nthawi zambiri ndi makilogalamu 23, kutalika, m'lifupi ndi msinkhu zikaphatikizidwa zisapitirire masentimita 158. Choncho uphwasuleni. Lembani nambala kunsi kwa mtengo uliwonse woimbira, kuyambira waukulu mpaka waung'ono, ndipo chikho chilichonse chilembedwe nambala ya mtengo wake. Apa musachite ulesi: chikho chimasankhidwa kuti chigwirizane ndi liwu la mtengo umodzi, mukazisinthanitsa ulimba umalira mogontha ngakhale mitengo ili bwinobwino. Mitengo ikulungeni iwiriiwiri m'nsalu, zikho muzilongedze m'bokosi lolimba chilichonse m'chovala chake, ndipo mutengeko ziwiri kapena zitatu zapadera za misinkhu yapakati chifukwa ndizo zimasweka. Chimango chachitali chidulidwe pakati kuti chizilumikizidwa ndi mabawuti. Tizikopa tija timamatidwa pa mabowo a zikho kuti tizinjenjemera sitipirira ulendo. Nyamulani pepala la pulasitiki lopyapyala ndi zomatira kuti mukamate atsopano.

Tsono chinyezi. Kutentha kwa ku Guangzhou sikungaopse munthu wa m'chigwa chino amene amadziwa dzuwa la October, koma mpweya wake ndi wonyowa, makamaka kuyambira March mpaka September. Chikopa chimamwa chinyezicho n'kulefuka, ng'oma n'kutsika mawu. Kuno timaiwamba pamoto wa mapesi, kumeneko simungayatse moto m'holo kapena kuseri kwa bwalo. Gulani chowumitsira tsitsi cha magetsi konko. Chigwireni patali ngati chikhatho chimodzi ndi theka kuchokera pa chikopa, muzichizunguliza osaima malo amodzi, mukumenya pang'onopang'ono mpaka liwu lifike. Phula la pakati pa ng'oma lichotseni kaye, mulibwezere mukamaliza, apo ayi limasungunuka n'kuyenderera. M'holo yozizira ndi makina ng'oma imagwanso pakapita mphindi makumi awiri kapena atatu, ndiye konzani nyimbo zanu kuti pakati pakhale ya ulimba wokha, wina akuwamba kuseri. Magetsi awo ndi 220V pa 50Hz, ogwirizana ndi zida zathu, koma mapulagi athu a mano atatu amakona salowa m'masoketi awo. Adaputala ikhale m'thumba.

Mnyamata wa ku Nchalo

Takhuta kwambiri nonse. Ndiye kuti ulendo uno angokaona basi. Nanga kampani yoti itiitane tingaipeze bwanji tili kuno? Ndipo ndalama zake amalipira motani?

Achemwali a ku Dyeratu

Achimwene, ndisiyane pang'ono ndi a Fundi pa mfundo imodzi. Zimene anenazo n'zoona pa kuimba kolipiritsa, koma si khomo lokhalo, ndipo kwa gulu la ulimba si khomo loyamba. Pali viza ya F, ya maulendo osinthana chikhalidwe opanda malonda, imene mumaitenga ndi kalata yokuitanani yochokera ku bungwe la kumeneko, monga yunivesite, sukulu ya nyimbo kapena ofesi ya boma. Malawi ndi China anakhazikitsa ubale mu December 2007, ndipo maulendo otere amadutsira ku ofesi ya kazembe ndi ku dipatimenti yathu yoona zaluso. Simulandira malipiro a chionetsero, koma okuitanani nthawi zambiri amasenza ulendo, malo ogona ndi chakudya. Mu Guangzhou muli Xinghai Conservatory of Music, ndipo sukulu zotere ndi zimene zimakhala ndi chidwi ndi chida chimene anthu atatu amaimba pamodzi, aliyense mbali yake, mawu n'kumalukana. Livehouse imayang'ana kuti mudzaza anthu angati, ndipo gulu losadziwika la ku Nchalo silingadzaze holo Lachisanu usiku. Ndikunena izi chifukwa ndikufuna ulimba ukafike kumeneko mwaulemu wake, osati kukaimba pamaso pa mipando.

Pa zolipiritsa, mapangano amakhala amitundu itatu. Chikondwerero chimalipira ndalama yokhazikika. Livehouse imagawana nanu za pakhomo, kapena imakubwereketsani holo inu n'kutenga za matikiti. Wachitatuwu mukaneni, chifukwa anthu akapanda kubwera ngongole ndi yanu. M'kalata ya mgwirizano mulembedwe momveka amene alipire ndege, katundu wopitirira muyeso, viza, kumasulira mawu a nyimbo ndi msonkho, komanso chimene chichitike chilolezo chikakanidwa kapena chionetsero chikaimitsidwa ndi mphepo yamkuntho, imene imavuta kuyambira July mpaka September. Tikiti ya ndege musagule chilolezo chisanatuluke. Aliyense wokuuzani kuti mutumize ndalama kaye kuti akupezereni kalata yokuitanani, ameneyo ndi wakuba. Nyimbo zanu zilembetseni ku COSOMA, bungwe lathu loteteza umwini wa nyimbo, musanazitumize kunja.

Mnyamata akupitayo ndiye mthenga wanu, ndipo ntchito yake ndi iyi. Anyamule makanema atatu a mphindi zitatu kapena zinayi, ojambulidwa masana pamalo opanda mphepo, foni itakhazikika pa chinthu, manja a oimba akuoneka. Akhale m'foni mwenimwenimo ndi pa fulashi, chifukwa YouTube, Facebook, WhatsApp ndi Google sizitseguka pa intaneti ya kumeneko, ndipo kutumiza linki ya YouTube kwa munthu wa ku Guangzhou n'kutaya nthawi. Pakhalenso tsamba limodzi lofotokoza gulu, m'Chingerezi ndi m'Chitchaina, ndi zithunzi ziwiri zabwino. Akapita ku livehouse, chionetsero chikatha afunse woyang'anira mapulogalamu, amuonetse kanema mmodzi, n'kupatsana WeChat. Zonse kumeneko zimayendera WeChat, imelo sayankha msanga. Mukamalemberana muzikumbukira kuti iwo ali patsogolo ndi maola 6: 8 koloko m'mawa kuno ndi 2 koloko masana kwawo. Ngati nthawi ilipo akafikenso ku B10 Live ku OCT-LOFT mumzinda wa Shenzhen, malo amene akhala akulandira oimba a nyimbo zachilendo ochokera m'maiko ambiri. Sitima yothamanga kuchokera ku Guangzhou South kukafika ku Shenzhen North imatenga pafupifupi theka la ola. Asawolokere ku Hong Kong ngati viza yake ndi yolowera kamodzi, chifukwa akatero sangabwererenso ku Guangzhou kumene kuli katundu ndi ndege yake.

Fundi wa zokuzira mawu, Ngabu

Achemwali akonza bwino, za F ndikuvomereza, bola pasakhale kugulitsa matikiti m'dzina lanu.

Ndiwonjezere pepala limodzi limene aliyense wokuitanani adzalifuna: chojambula cha mmene mumakhalira pabwalo ndi mndandanda wa mamaikolofoni. Mainjiniya awo ndi akatswiri, koma ulimba sanauonepo, ndiye mukapanda kulemba adzakuikirani maikolofoni imodzi ya woimba pakamwa pakati pa chida chonse, mitengo ya kumapeto osamveka. Lembani chonchi: mamaikolofoni awiri a mtundu wa kondensa (makondensa), amene amamva ndi timawu ting'onoting'ono tomwe, pamwamba pa ulimba, wina ku mitengo ikuluikulu wina ku ing'onoing'ono, pafupifupi masentimita 50 kuchokera pa mitengo ndi kunja kwa njira ya timitengo toimbira, onse ofuna magetsi a 48V kuchokera pa mikisa, makina osakanizira mawu. Wachitatu, wa mtundu wamba wotchedwa dynamic, pansi pafupi ndi zikho zazikulu kuti agwire kunjenjemera kuja. Wapansiyu injiniya amutembenuze phase, kutanthauza kutembenuza mafunde a mawu ake, chifukwa akumva mtengo kuchokera mbali yosiyana ndi apamwamba, ndipo akasakanizidwa osatembenuza mawu okhuthala amazimiririka. Muuzenitu kuti kunjenjemerako n'kwadala, apo ayi adzayesa sipika yang'ambika n'kukudula. Ng'oma iliyonse ikhale ndi dynamic yake, ndipo ng'omazo zikhale mamita awiri kapena atatu kuchokera pa ulimba kuti zisalowerere m'makondensa. Masipika oyang'ana oimba akhale otsika ndipo ulimba usabwezedwemo wambiri, chifukwa zikho zimakoka mawuwo n'kuyamba kulira kwa mluzu.

Pemphani mphindi 45 zoyesera zida, kuwonjezera pa ola lomangira ulimba. Pa chikondwerero magulu amasinthana mofulumira, choncho pemphani kuti ulimba umangidwiretu pa thandala la matayala kuseri, angolikankhira pabwalo nthawi yanu ikakwana.